Asilikali a rizevu: tikuwafuna, kapena tikuitananso apayoniya?

Chikondi M.
Moni nonse. Funso langa likupita makamaka kwa akuluakulu amene munaona zakale. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, asilikali athu anagwira ntchito yaikulu ku Chilobwe, Phalombe, Mulanje mpaka ku Nsanje, koma zinaonekeratu kuti manja anachepa. Mpaka a ku Tanzania anatumiza asilikali ndi mahelikopita, a ku Zambia nawo ndege. Maiko ena ali ndi asilikali a rizevu, anthu oti amagwira ntchito zawo monga mwa masiku onse, wina mphunzitsi, wina dalaivala, koma anaphunzira zausilikali ndipo boma likawafuna limangowaitana. Ife zimenezi zinatikanika pati?

Dalitso wa Kabaza
Ngati kuli alawansi ndilembeni nambala wani achemwali.

Agogo a Jere
Mwana wanga Chikondi, sizinatikanike ayi. Tinali nazo, tinaziphwanya tokha. Ine amene ndikulemba pano ndinali mpayoniya, wa gulu la Malawi Young Pioneers la nthawi ya Kamuzu, ndinaphunzira ku Nasawa ku Zomba. Kukada kukacha tinali pa peredi, kenako kumunda. Ulimi wamakono, ukalipentala, zomangamanga, kuyendetsa thirakitala, zonsezo ndinazidziwira kumeneko, ndipo ndi zimene zandidyetsa mpaka lero. Tikamaliza ena ankapita ku masikimu a mpunga, ena kusukulu za sekondale kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi ndi mwambo. Boma lililonse munali apayoniya. Mlatho ukakokoloka sitinkadikira munthu wochokera kunja. Ngodya zinali zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Achinyamata a lero angotchula ngodya imodzi yokha ndiwapatsa nkhuku.

Mayi Nabanda
Agogo, ulemu wanu, koma nkhaniyi musaiyambire pakati. Masikimu analipodi, luso analipereka, palibe akukana. Nanga makadi a chipani? Amayi ankabwezedwa pachipata cha msika, anthu ankatsitsidwa m'basi chifukwa chosowa khadi. A Mboni za Yehova anawotcheredwa nyumba mu 1967 ndi mu 1972, zikwizikwi n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Imeneyonso ndi mbiri ya gulu lomwelo.

Agogo a Jere
Mayi, zambiri mukunenazo ankachita ndi ayufi, achinyamata a chipani a malaya ofiira aja. Anthu amatiphatikiza.

Mayi Nabanda
Ayufi analipo, inde. Koma mfuti zinali ndi yani agogo? Ayufi analibe nkhokwe za zida.

Aphunzitsi Gondwe
Ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa tikayambira pa apayoniya tidumpha chinthu chimene chikuyankha funso la Chikondi mwachindunji. Dziko lino linakhalapo ndi gulu la rizevu lenileni, la dzina lomwelo, ndipo ndi lakale kuposa ulamuliro wa Kamuzu. Linayamba mu 1901, dziko lino likutchedwa British Central Africa, kenako linadziwika kuti Nyasaland Volunteer Reserve. Mamembala ake ambiri anali azungu a m'maesiteti, a m'masitolo ndi a m'maofesi a boma. Ankagwira ntchito zawo, n'kumakumana nthawi ndi nthawi kuphunzira kuwombera. Munthu wakuda analibe malo m'menemo. Wakuda akafuna mfuti ankalowa King's African Rifles (KAR), kumene ankalamulidwa ndi mzungu usana ndi usiku.

Ntchito yake inaoneka kawiri. Koyamba ndi ku Karonga mu Seputembala 1914, pamene Ajeremani anatsika kuchokera kumpoto. Ena mwa mavolontiya amenewa anamenya nawo nkhondoyo pamodzi ndi a KAR. Kachiwiri ndi mu Januwale 1915. John Chilembwe ataukira pa 23 Januwale, asilikali ambiri a KAR anali kumpoto komweko kulondera malire. Ndiye boma la ku Zomba linadalira yani? Linaitana a rizevu aja, kuphatikizapo asilikali ochepa amene anatsala kumwera. Ndi amene anapita ku Mbombwe, likulu la Chilembwe, ndi amene anasakasaka anthu a Chilembwe m'midzi, tchalitchi chake cha Providence Industrial Mission (PIM) n'kuphwasulidwa ndi mabomba.

Ndiye taonani. Gulu lomwelo, m'miyezi isanu yokha, linateteza malire kwa adani akunja, kenako linatembenukira eni dziko. Papepala linali la chitetezo cha dziko. Kunena zoona linali loteteza azungu ndi minda yawo.

Chikondi M.
Aphunzitsi, izi kusukulu sitinaphunzire. Ife tinkangomva kuti "asilikali a atsamunda".

Aphunzitsi Gondwe
Silabasi imathamanga mwana wanga. Tsopano za apayoniya. Anayamba mu 1963, ufulu usanabwere. Dzina analitengera ku Ghana kwa Nkrumah, koma alangizi amene anakonza maphunziro ake anachokera ku Israel, kumene achinyamata ankaphatikiza khasu ndi mfuti. Mtsogoleri wawo woyamba anali Aleke Banda, ndipo Kamuzu mwini ndiye anali mkulu wa onse. Pachiyambi cholinga chinali chimene agogo a Jere anenachi, chitukuko.

Zinthu zinatembenuka nduna zitagalukira Kamuzu mu 1964, makamaka Chipembere atatenga zida ku Fort Johnston (Mangochi ya lero) mu Febuluwale 1965. Nthawi imeneyo asilikali ndi apolisi ankatsogozedwabe ndi azungu, ndipo Kamuzu ankafuna anthu akeake oti sangamufunse mafunso. Lamulo la 1965 linawapatsa mphamvu yomanga anthu. Choopsa kwambiri n'chakuti wapolisi sankatha kumanga mpayoniya popanda chilolezo cha akuluakulu a apayoniya, komanso munthu womangidwa ndi apayoniya wapolisi sankatha kungomumasula. Pamenepo ndi pamene ine ndimasiyanitsa. Msilikali wa rizevu amakhala pansi pa mkulu wa asilikali ndiponso pansi pa khoti. Apayoniya anali pambali pa asilikali, pamwamba pa apolisi, pansi pa munthu mmodzi.

Agogo a Jere
Aphunzitsi mwalankhula bwino, koma musaiwale kuti ambiri a ife mfutiyo sitinaigwiritsepo pa munthu. Tinali ana a alimi ofuna luso. Amene ankachita zauzondi anali kagulu kena.

Sajeni Mbewe (opuma)
Zimenezo n'zoona agogo, ndipo ife a ku barakisi tinkadziwa kusiyana kwa mpayoniya wa kumunda ndi mpayoniya wa mfuti. Koma ndikuuzeni mmene zinkaonekera kuchokera mkati mwa yunifolomu. Dziko limodzi linali ndi magulu awiri a mfuti, ndipo gulu lachiwirilo ndi limene linkakondedwa. Magalimoto abwino, zida zatsopano, maphunziro akunja, ngakhale kampani yawo ya malonda, Spearhead, imene inadzagwa ndi ngongole. Kuyambira 1987 anyamata athu ankalondera njanji ya ku Nacala, ena n'kufera komweko ndi zipolopolo za Renamo, gulu loukira boma la Mozambique, uku kukumveka kuti anthu ena a kwathu konkuno akugwirizana ndi Renamo yomweyo. Msilikali amapirira njala, koma zoterozo sapirira.

Ndiye zimene zinachitika mu Disembala 1993 sizinagwe kuchokera kumwamba. Referendamu inachitika pa 14 Juni, anthu n'kusankha zipani zambiri. Pa zokambirana za boma ndi otsutsa anagwirizana kuti apayoniya alandidwe zida, koma miyezi inkangopita. Pa 1 Disembala ku Mzuzu kunabuka mkangano pamalo omwera mowa, apayoniya n'kuwombera asilikali awiri. Pa 3 Disembala asilikali anayamba Operation Bwezani, ntchito yolanda apayoniya zida. Ku Lilongwe analowa ku Youth House, ku likulu la chipani, ndi m'mabesi ena m'dziko lonse. Anthu oposa 20 anafa. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique, ena ndi zida zawo.

Chimene achinyamata simuchidziwa n'chakuti lamulo silinachokere pamwamba. Anayambitsa ndi maofesala apakati ndi anyamata wamba, akuluakulu n'kumatsatira pambuyo. Pasanapite nthawi mkulu wa asilikali, General Yohane, anapumitsidwa, n'kulowa General Maulana.

Dalitso wa Kabaza
Nanga Ngwazi inali kuti zonsezi zikuchitika?

Sajeni Mbewe (opuma)
Inali ikuchira, itachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa mu Okutobala. Dziko linkayendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu, wapampando wake Gwanda Chakuamba.

Aphunzitsi Gondwe
Amenenso m'zaka za m'ma 1970 anali mtsogoleri wa apayoniya omwewo, asanamangidwe mu 1980. Mbiri ya dziko lino nthawi zina imaseketsa.

Koma a Sajeni, ndikufunseni mosapsatira. Anthu amaitama Bwezani kuti inapulumutsa chisankho cha 1994, ndipo ine ndikuvomereza. Komabe asilikali anachita popanda kulamulidwa ndi boma. Akanafuna kupitirira mpaka ku nyumba ya boma, ndani akanawaletsa?

Sajeni Mbewe (opuma)
Palibe. Ndipo n'chifukwa chake ine ndimanyadira kubwerera ku barakisi kuja kuposa kuwombera kuja. Maiko ena a mu Africa muno zikafika pamenepo m'mawa mwake mumamva nyimbo za asilikali pa wailesi. Koma mfundo yanu ndaimva. Mukakhala ndi magulu awiri a mfuti, tsiku lina adzakumana, ndipo tsiku limenelo malamulo amakhala chete.

Yamikani ku Leeds
Akuluakulu, ndiponyeko za kuno, chifukwa ndikuona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri. Kuntchito kwathu kuli mnzanga amene ali mu Army Reserve, ndipo mmene zimayendera n'zosiyana kotheratu ndi zimene mukufotokozazi.

Kuno ku Britain gululi linakhazikitsidwa mu 1908 ndi nduna yoona zankhondo, Richard Haldane, pophatikiza timagulu ta mavolontiya timene tinalipo kale. Ankalitcha Territorial Force, kenako Territorial Army, ndipo kuyambira 2014 ndi Army Reserve. Poyamba linali loteteza kumudzi kokha, munthu sankakakamizidwa kupita kunja. Koma nkhondo ya 1914 itavuta ambiri anavomera okha kupita ku France, ndipo kuchokera pamenepo lakhala likupita kulikonse, mpaka ku Iraq mu 2003 ndi ku Afghanistan.

Mnzangayu amapita kukaphunzira madzulo amodzi pa sabata, nthawi zina Loweruka ndi Lamlungu, ndiponso kampu ya masabata awiri pachaka. Ambiri amafunika kukwanitsa masiku 27 pachaka. Tsiku lililonse amalipidwa ngati msilikali wa udindo wake, ndipo akakwanitsa masiku onse n'kukhoza mayeso amalandira kabonasi kopanda msonkho. Mfuti imatsala kunkhokwe, sapita nayo kunyumba. Alibe mphamvu yomanga munthu aliyense mumsewu. Akaitanidwa kunkhondo, pali lamulo la 1985 lokakamiza abwana ake kumusungira ntchito, ndipo boma limathandizako abwanawo kupeza womugwirira. Pa katemera ndi kuyeza anthu nthawi ya Covid ena mwa iwo anaitanidwa kudzathandiza.

Ndipo palibe amafunsa kuti umavotera Labour kapena Conservative.

Mayi Nabanda
Chiganizo chomalizacho ndiye nkhani yonse achimwene. Kwathu kuno mndandanda wa mayina ungadutse kaye kwa gavanala wa chipani.

Dalitso wa Kabaza
Ngakhale makuponi a feteleza amadutsa komweko mayi, nanji yunifolomu.

Tembo wa ku Chipata
Muli bwanji a kwathu a ku Malawi. Ife kuno tili ndi Zambia National Service (ZNS). Inachokera ku gulu la achinyamata a UNIP, chipani cha a Kaunda, la nthawi ya ufulu, ndiye chiyambi chake sichisiyana kwenikweni ndi apayoniya anu. Kusiyana kunabwera mu 1971 pamene anaikhazikitsa ndi lamulo, ndipo lero ndi nthambi ya chitetezo pamodzi ndi Zambia Army ndi Zambia Air Force. Nthawi ya nkhondo ya Rhodesia a Kaunda analamula kuti aliyense womaliza Fomu 5 apite ku kampu, anyamata ndi atsikana omwe. Amalume anga anapita. Zokakamizazo zinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, matenda a taifodi atapha ana m'makampu, komanso ndalama zinali zitavuta. Koma ZNS ilipobe. Imalima chimanga, imakonza misewu ya kumidzi, imagaya ufa. UNIP inachoka m'boma mu 1991, ZNS sinagwe nayo, chifukwa inali itasiya kale kukhala ya chipani.

Agogo a Jere
Mwamva a Tembo? Ndi zimene ine ndimanena. Akanatilanda mfuti n'kutisiyira makasu ndi mathirakitala. M'malo mwake mabesi anaphwasulidwa, katundu anabedwa, anthu amene anatumikira zaka makumi awiri anangobalalika. Mpaka m'zaka zapitazi munawaona okalamba atamanga misasa pa chipilala cha ku Area 18 kudikira ndalama zawo zopumira.

Aphunzitsi Gondwe
Apa agogo muli ndi mfundo, ndipo sindikutsutsani. Tinataya madzi osambitsira pamodzi ndi luso lomwe. Nasawa inapulumuka, lero ndi koleji ya ntchito zamanja, koma malo ambiri anangosanduka mabwinja. Kungoti mwayi wochita ngati Zambia unalipo kwa zaka 30, ndipo mwini gululo sanafune. Kuliika pansi pa asilikali kukanatanthauza kuti iye wataya ndodo yake. Pofika 1993 anthu anali atatopa moti palibe akanamvera zosiyanitsa mpayoniya wa khasu ndi wa mfuti.

N'chifukwa chake olemba malamulo aakulu a dziko mu 1994 anaika ndime 159, yonena kuti m'Malawi simudzakhalanso gulu lina lankhondo kupatula asilikali a dziko okhazikitsidwa ndi malamulowo. Ndime imeneyo inalembedwa ndi anthu amene ankaganiza za apayoniya. Ndime yotsatira imatchula ntchito za asilikali, ndipo imodzi mwa izo ndi kuthandiza boma pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndiye Chikondi, khomo la chimene ukufunacho n'lotsegula, bola chikhale mkati mwa asilikali a dziko, MDF, choyang'aniridwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zachitetezo.

Chikondi M.
Ndiye ngati malamulo salola gulu lapadera koma amalola rizevu ya mkati mwa MDF, chikuvuta n'chiyani? A Sajeni?

Sajeni Mbewe (opuma)
Lamulo la asilikali limalitchula ndithu gulu la rizevu. Koma kutchula ndi kwina, kukhala nalo ndi kwina. Rizevu si mndandanda wa mayina mu kabati. Munthu amene sanagwire mfuti kapena kupalasa bwato kwa zaka zisanu si msilikalinso, ndi munthu wamba amene ali ndi nkhani zokamba pa bawo. Pamafunika kumuitana chaka chilichonse, kumudyetsa, kumuveka, kumuyeza kuchipatala, kumulipira masiku akewo, ndi kusamala banja lake akavulala. Zonsezo ndi ndalama, ndipo zimachokera m'thumba lomwelo logulira mafuta a magalimoto ndi kukonza nyumba za ku mabarakisi a Cobbe, Kamuzu ndi Moyale.

Ine ndikanakhala wolangiza, sindikanayamba ndi achinyamata a m'misewu. Ndikanayamba ndi ife opuma amene tikadali ndi mphamvu. Anyamata ambiri anapita ku DRC kuyambira 2013, anaphunzira zambiri, ena apuma ali ndi zaka 40 zokha ndipo lero akulondera mageti a anthu. Maphunziro awo boma linalipira kale. Kenako ndikanawonjeza anthu a luso limene asilikali alibe lokwanira: anamwino, madokotala, mainjiniya a milatho, oyendetsa mabwato a ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi. Pa Freddy chimene chinasowa si anthu odziwa kuguba. Kunasowa mabwato, mahelikopita, makina okumbira ndi anthu odziwa kufukula munthu m'matope osamupweteka.

Mayi Nabanda
Ndiye ngati vuto ndi madzi osefukira, mfuti ikulowapo bwanji? Bwanji osangolimbikitsa DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi a Red Cross, n'kuphunzitsa makomiti a m'midzi amene alipo kale? Ine chimene ndimaopa n'chakuti tiphunzitsa achinyamata masauzande kuwombera, kenako tiwauza kuti bwererani kwanu, ntchito kulibe. Chaka cha chisankho wandale adzawapeza ali pa sitolo. Zikwanje zokha taona mmene zimavutira m'misewu, nanji anthu ophunzitsidwa.

Yamikani ku Leeds
Mayi Nabanda akhudza pamene ine ndimakaikira. Dongosolo la kuno limayenda chifukwa munthu wa rizevu ali kale ndi ntchito yake. Usilikali ndi chowonjezera, ena amangoukonda. Kwathu ungakhale ntchito yokhayo imene munthu ali nayo, ndiye masiku 27 akatha, masiku enawo adya chiyani?

Sajeni Mbewe (opuma)
Mayi, kusiyana kwa komiti ya m'mudzi ndi msilikali n'kwakuti wa komiti ukhoza kumupempha, msilikali umamulamula. Usiku wa Freddy pa phiri la Soche uja sunali wopemphana. Koma za mfuti ndikugwirizana nanu pang'ono. Si aliyense wa rizevu ayenera kukhala wowombera, ndipo zida zisamatuluke mu barakisi.

Agogo a Jere
Mwambo umabwera ndi peredi, osati ndi mawekishopu a m'mahotela.

Mayi Nabanda
Mwambo womwewo agogo ndi umene unkachititsa mnyamata wa zaka 19 kutsitsa agogo ake m'basi, chifukwa anauzidwa kuti kumvera ndi ngodya.

Admin
Tiyeni tilemekezane akuluakulu, nkhani ikukoma. 

Tembo wa ku Chipata
Funso limodzi kwa a Sajeni. Lamulo la ku Britain losungira munthu ntchito likuthandiza wolembedwa ntchito. Kwanu ndi kwathu kuno anthu ambiri abwana awo ndi munda. Madzi amasefukira Januwale mpaka Malichi, nthawi yomweyo yopalira, yothira feteleza wachiwiri ndi yothyola fodya. Mukamuitana mlimi wa ku Mchinji kuti akakhale milungu isanu ku Nsanje, munda wake ausunga ndani?

Sajeni Mbewe (opuma)
Maphunziro akhoza kuchitika Juni mpaka Seputembala anthu atakolola, pamenepo palibe vuto. Koma kuitana kwa dzinja ndiye mwandigwira a Tembo. Mwina malipiro a masiku amenewo akhale okwanira kulemba aganyu, ndipo azifika pa foni munthu asananyamuke, osati kumuuza kuti mafomu ali ku likulu. Apo ayi, rizevu ya madzi ichokere m'maboma omwe amasefukirawo, Nsanje, Chikwawa, Phalombe, Karonga, anthu oti madziwo akafika minda yawo imakhala yapita kale ndipo njira za kumeneko amazidziwa.

Chikondi M.
Koma a Sajeni, ameneyo nyumba yakenso ikhala ili m'madzi, ana ake ali pamsasa. Mumulamula kuti asiye banja akapulumutse ena?

Sajeni Mbewe (opuma)
Msilikali wanthawi zonse timamulamula choncho, chifukwa banja lake lili m'nyumba ya boma, likudya malipiro a mwezi. Wa rizevu wa ku Makhanga sindingamulamule choncho ndisanadziwe kuti ana ake agona pati. Ndiye pa bajeti ija muwonjezepo matenti ndi ufa wa mabanja awo.